Khoma la Kumadzulo la a Tolentino

A Tolentino Quadros ali ndi zaka 74. Ndi mmisiri wa miyala wopuma ntchito, mwini nyumba yachitatu kuchokera pa tchalitchi, komanso mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga wamng'ono, Ermelinda. Ine ndine Crisanto. Ndinali wa injini pa boti lowolotsa anthu pa mtsinje wa Zuari mpaka maondo anandikana.

M'mudzi mwathu munthu sankagula mwala, mtengo wa denga kapena thabwa la chitseko a Tolentino asanagogode. Ankayenda ndi kanyundo m'thumba la malaya. Ankagogoda, n'kupendeketsa mutu, n'kunena liwu limodzi. Si munthu wolankhula. Liwu limodzilo ndiyo inali ntchito yawo.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata, nthawi ya Apwitikizi, kwa kapitawo wina dzina lake Zeferino. Kunyumba tonse timalankhula Chikonkani, koma pantchito chinali Chipwitikizi, ndipo mawu oyezera chinthu anali atatu. "Mole" ndi chofewa, chotaya. "Duro" ndi chouma gwa, chopinda msomali, koma chikhoza kusweka ngati mbale yadothi. "Rijo" ndi cholimba mpaka mumtima, chimene chimasenza denga chaka ndi chaka osadandaula.

Zeferino anali ndi lamulo limodzi. Pomanga khomo kapena zenera, amene wanena kuti mwala wapamwamba ndi rijo ndiye amaima pansi pake tsiku lochotsa mizati. Osati kapitawo, osati mwini nyumba. Wonenayo. A Tolentino anaima pansi pa makomo a theka la mudzi uno. Ali ndi chipsera chimodzi chokha, paphewa, cha chaka chawo choyamba.

Tsiku lodzafunsira mbeta anafika kwathu ndi amalume awo. Asanakhale pansi anagogoda pamwamba pa khomo la bambo athu ndi chala, nati, "Mole." Bambo anafuna kuwapitikitsa. Ermelinda anaseka kuseri kwa nsalu yotchinga. Khomolo analikonza okha ukwati usanachitike, ndipo anaima pansi pake. Ermelinda amati anawalola chifukwa anali asanaonepo mwamuna wonena zoona m'nyumba ya apongozi.

Apwitikizi atachoka mu 1961, ntchito zinabwera ndi makontirakitala a ku Bombay ndi Chingerezi chawo. A Tolentino anachiphunzira atakula kale, ndipo mawu a ntchito yawo anawagwira bwino. Ankatha kukuuza kuti "hard" ndi chouma, "stiff" ndi chokana kupindika, "rigid" ndi chosasuntha n'komwe. Koma anaona chinthu chimodzi. Eni mawu amenewa ankawanena ataima patali, kenako n'kukwera galimoto. Palibe ankaima pansi. Motero a Tolentino anagawa pakamwa pawo pawiri. Chinthu akachikhulupirira ankanena m'Chipwitikizi. Akafuna kupewa mkangano, kapena kuti asachititse munthu manyazi pagulu, ankanena m'Chingerezi. Silinali bodza. Mtengo wofumbwa mkati umakhaladi wouma kunja.

Mudzi unazindikira msanga. Wogulitsa matabwa wa ku tauni ya Margao anabwera tsiku lina ndi mitengo ya denga pa lole. A Tolentino anagogoda nati, "Very hard." Wogulitsayo anamwetulira mpaka m'makutu. Ogula anabalalika mmodzimmodzi ngati akumbukira mphika pamoto. Munthuyo anabwerera ndi katundu wake osadziwa chimene chamudya. Amayi a m'mudzi nawo anatengera. Mtsikana akapeza mwamuna amafunsana pachitsime kuti, "Nanga mnyamatayo ndi wa Chipwitikizi kapena wa Chingerezi?"

Mwala wathu wofiira umadulidwa pansi uli wofewa. Umauma ukakhala pamphepo, ndipo ukamwa madzi osapuma umabwerera kumene unachokera. N'chifukwa chake timaupaka njereza, imene imalola khoma kutuluka thukuta, ndipo mwezi wa Meyi timatchinga khoma la kumadzulo ndi masamba a kokonati olukana, poti mvula imachokera kunyanja. Kwa a Tolentino woluka anali Ermelinda. Chaka chilichonse zala zake zinkang'ambika.

Mwana wawo Olavo anakana ntchito ya miyala n'kupita ku Kuwait. Atakhazikika anawagulira matumba a simenti. A Tolentino anapala njereza yonse pa khoma la kumadzulo n'kulimata simenti, kunja ndi mkati, yosalala ngati mbale. Ena amati anafuna kuti Ermelinda apume kuluka. Ena amati anafuna mudzi uone kuti mwana ali ku Kuwait. Ine ndikuti zonse ziwiri.

Ermelinda anakana. "Khomalo lizipuma bwanji?"

"Khoma si ng'ombe, mayi a Olavo."

Tsiku limene anamaliza ndinalipo. Ndinati, "Alamu, gogodani timve." Anagogoda. Linalira ngati belu. Anati, "Rigid." Tinaseka, poganiza kuti simenti, poti inabwera m'thumba lolembedwa Chingerezi, iyenera kulankhulidwa m'Chingerezi. Masamba sanalukidwenso. Mvula zingapo zinadutsa khoma lili mbee, ndipo ena anayamba kusirira.

Chaka chatha, Pasaka itangopita, Ermelinda anaterereka pachitsime n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Dokotala wa ku Margao analilumikiza n'kutiuza mosabisa: agone chagada, bedi lisagwedezeke, asanyamulidwe mpaka fupa ligwire, mukamusuntha molakwika sadzayendanso. Tinamugoneka pa bedi lachitsulo m'chipinda cha kumadzulo, chifukwa a Tolentino anati ndicho chosalowa chinyezi. Pakati pa bedi ndi khoma tinasiya kampata koti munthu azidutsa. Womusamala anali Aurita, mkazi wa Olavo.

Mvula inayamba mu Juni ndipo sinafune kupuma. Minda inasanduka nyanja. Zovala sizinkauma, mchere unasungunuka m'mabotolo. Ine ndinkapita masana alionse ndi kansomba kukaona wodwala.

Tsiku lina ndinapeza Ermelinda ali maso kudenga. Aurita anaima pakhomo la chipinda, akupukuta mbale youma kale.

"Achimwene, bwerani pafupi," anatero Ermelinda.

"Wayamba kugawa chuma?"

"Chuma chake chiti? Taonani kolona yanga."

Kolona yake inkapachikidwa pa msomali, pakhoma, cha kumutu kwa bedi.

"Ndaiona. Yatani?"

"Kale kamtanda kake kankagunda khoma. Mphepo ikalowa ndinkakamva kakukhula simenti. Lowetsani dzanja kuseri."

Ndinalowetsa. Zala ziwiri zinadutsa pakati pa kamtanda ndi khoma osakhudza kanthu. Chingwe cholendewera sichinama. Kolona inali chilili. Chimene chinasuntha ndi khoma. Linali litaweramira mkati, pamwamba pa bedi.

Ndinayang'ana pansi. Pakona panali mng'alu woonda ngati ulusi, ukutuluka madzi ofiira. M'kampata kaja munali mkeka wopinda. Sindinaulabadire.

"Aurita, zenera ili limatsekeka?"

"Linayamba kukana sabata yatha, malume. Ndimangolimanga ndi chingwe."

"Apongozi ako unawauza?"

"Ndinawauza. Anati thabwa latupa ndi mvula." Anayang'ana mbale ija. "Ine ndingatsutse bwanji bambo pa nkhani ya khoma?"

A Tolentino anali pakhonde, akumwa phala la mpunga ndi mango a mchere.

"Alamu, bwerani ndi kanyundo kanu."

"Mwabwera ndi nsomba kapena ndi milandu?"

"Zonse. Khoma lanu likupereka moni kwa mlongo wanga. Lawerama."

"Inu moyo wanu wonse munakhala pa chinthu chogwedezeka. Kwa inu dziko lonse n'lopendekeka."

"Tiyeni mukandichititse manyazi. Sindidandaula."

Anamaliza phala lonse, napukuta pakamwa, kenako n'kunyamuka. Sanafunefune kanyundo. Kanali pambali pa mbale.

M'chipinda munali mdima ngakhale anali masana. Mvula inkamenya khomalo kunja ngati anthu akupuntha mpunga. Anagogoda pamwamba. Linalira. Anagogoda pakati. Linalira. Anawerama nagogoda pansi, pafupi ndi mng'alu. Linaliranso, koma ngati ng'oma, kulira kwa chinthu chimene kuseri kwake kulibe kanthu.

Anawongoka osayang'ana munthu.

"Hard," anatero.

Aurita anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Very hard."

"Bambo a Olavo," anatero Ermelinda, "ine si wogulitsa matabwa wa ku Margao."

"Ndanena."

"Mwanena m'chilankhulo cha anthu ogona kwina. Pano wagona ndine. Nenani m'Chipwitikizi."

"Mawu ndi mawu."

"Mwayamba liti zimenezo?"

Anatembenukira kwa ine, poti mlamu ndiye wosavuta kukalipira.

"Inu mwabwera kudzasokoneza wodwala. Dokotala munamumva, kapena makutu anatsalira mu injini? Tikamunyamula fupa lija n'kusuntha, muzidzamuyendera ndinu? Khoma ili anamanga agogo anga. Lingadikire mwezi umodzi. Mvula ikadula ndilichirikiza."

"Mvula ikadula. Mwapangana nayo?"

"Nyumba ino ndi yanga."

"Wagona apoyo ndi wathu."

"Wanu anali asanakwatiwe."

Zimene ananena za dokotala zinali zoona, ndipo n'zimene zinandimanga manja. Kumusiya kunali kubetcha ndi khoma. Kumunyamula kunali kubetcha ndi fupa. Panalinso china chimene sanatchule. Kutulutsa Ermelinda masana, mudzi wonse uli pamakonde kudikira mvula, kunali kulengeza kuti khoma la Tolentino Quadros lalephera.

Kudenga kunamveka kaphokoso, thee, ngati munthu wathyola ndodo youma kutali. Fumbi lofiira linagwera pa bulangete. Tonse tinayang'ana kumwamba. Mtengo waukulu wa denga unakhazikika pa khoma lomwelo.

"Ndi matailosi," anatero a Tolentino. "Amatero akanyowa."

Aurita analankhula osadzutsa mutu. "Bambo, Olavo akaimba foni kwa abambo mfumu Loweruka adzandifunsa za amayi. Ndikamuuze chiyani?"

"Ukamuuze kuti ali bwino."

"Ndikamuuze m'chilankhulo chiti, bambo?"

Mkazi ameneyo chikwatiwire anali asanawayankhepo apongozi ake. A Tolentino anamuyang'ana nthawi yaitali. Aurita sanabweze zimene ananenazo, komanso sanachoke pakhomo.

Ermelinda anatsitsa mawu. "Bambo a Olavo, sindikukukakamizani. Mukanena liwu lija, rijo, ndigona pano mpaka mvula ithe, achimwene apite kwawo ndi nsomba zawo. Chikwatiwire ndadutsa pansi pa makomo anu osayang'ana kumwamba. Nenani basi."

A Tolentino anasuntha milomo. Ermelinda anapitiriza.

"Ndiye ndinene ine. Mkeka uwo ndi wa yani? Mukuyesa ndimakhala ndili mtulo? Chiyambire zenera kukana, mumabwera kudzagona m'kampata aka, msana kukhoma. Mafupa anu amenewo ndiwo agwire denga? Mwaima kale pansi, koma liwu simunanene. Zeferino akanakuombani mbama."

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Aurita nayenso.

A Tolentino anatuluka. Ndinayesa athawa nkhani. Anabwera ndi tchizulo, chitsulo chosemera miyala. Anagwada movutika pakona, naika tchizulo pa mng'alu, namenya kamodzi, mosamala. Chigamba cha simenti chachikulu ngati mbale chinagwa. Kuseri kwake kunalibe mwala. Kunali phala lofiira. Analowetsa chala, chinalowa chonse. Analowetsa dzanja, nalonso linamira. Madzi anatsikira m'chigongono. Zaka zonsezi madzi ankalowa pamwamba ndi pansi, ndipo simenti inawatsekera potulukira.

Anakhala chigwadire, akuyang'ana dzanja lawo.

"Mole," anatero.

Atatero anasanduka munthu wa pantchito. Sanapepese, ndipo nthawi yopepesa panalibe.

"Bedi silidutsa pakhomo popanda kulipendeketsa. Tifuna thabwa. Aurita, tenga nsalu zazitali uzing'ambe. Alamu, zitsulo mumazidziwa, tikazule chitseko."

Chitseko cha kukhitchini chinali chapafupi ndi chopepuka. Anagogoda, napukusa mutu. Anapita pa chitseko cha kumaso, cha mbali ziwiri, cha mtengo wa jakifuruti, chimene anapala agogo awo. Anagogoda pamwamba, pakati, pansi. Anachigwira m'mbali n'kuchikankha ndi bondo. Ine ndinkamva fumbi likuyoyokera pa bulangete m'chipinda muja, ndipo ndinafuna kuwalanda kanyundoko.

"Alamu, lino si tsiku la msika."

Anagogodanso kamodzi.

"Rijo."

Tinazula mbali imodzi. Misomali yake inali ya dzimbiri ndipo umodzi unandisenda chala. Chitsekocho chinali cholemera ngati mlandu. Tinachilowetsa chammbali n'kuchigoneka pa mipando iwiri, molingana ndi bedi. Ine ndinagwira nsalu yogonera kumutu, a Tolentino kumiyendo. Aurita anagwira chiuno ndi manja awiri ngati wagwira mphika wosawotcha.

"Ndikati tiyeni, tonse pamodzi," anatero a Tolentino. "Mayi a Olavo, lumani kansalu aka."

"Ndinabereka ana atatu m'chipinda chino osaluma kanthu."

"Luma," ndinatero ine. "Ungatitukwane pamaso pa mpongozi."

Analuma. Tinakoka. Sanalire, koma nkhope inachita mbuu ndipo maso anatembenuka. Kudzera m'nsalu ndinamva kanthu m'manja mwanga, kakugwedezeka kosayenera. Aurita anandiyang'ana. Nayenso anakamva. Tinamumangirira pachitseko, pachifuwa, m'chiuno ndi m'maondo, n'kumufunditsa pulasitiki.

Kudenga kunaliranso, kawiri motsatizana. Tailosi linagwera pa mkeka uja n'kusweka.

Ermelinda analavula kansalu. "Kolona yanga."

"Isiye," ndinatero.

A Tolentino analowa m'kampata, naichotsa pa msomali, naiika pachifuwa pake, namubwezera kansalu m'kamwa.

Ngodya zinali zinayi, ife atatu, awiri nkhalamba. Ine ndi Aurita tinagwira kumutu. A Tolentino anagwira kumiyendo okha, kutsogolo, akuyenda chafutambuyo. Potsika masitepe a khonde kulemera konse kumapita kwa wapansi.

"Alamu, tisinthane. Mutigwetsera munthu."

"Ndi maondo anu aja? Gwirani komweko."

Kunja mvula inali ngati akuthira ndi ndowa. Kwathu ndi kutsidya kwa msewu, chakumtunda pang'ono, ulendo umene masiku onse suumva. Anthu analidi pamakonde. Palibe anafunsa. Anaona chitseko cha a Tolentino chikutuluka chogona ndipo anamva zonse.

Pa sitepe yomaliza phazi lawo linaterereka pa ndere. Anagwa ndi bondo limodzi pamwala, koma chitseko anachikweza m'mwamba mpaka chinakhala paphewa, pa chipsera chija. Sichinapendekeke. Ermelinda anabuula m'kansalu. Ngodya yanga inayamba kundipulumuka m'manja ndipo ndinadziwa kuti sindifika.

Santan, wogulitsa buledi, anali atabisala mvula pansi pa mtengo wa mango. Anasiya njinga igwe ndi dengu lomwe n'kuthamanga.

"Amisiri, perekani kuno ndigwire."

"Wanena kuti rijo ndine," anayankha a Tolentino, mano atalumana. "Kathandize nkhalamba iyo kumutu isanatifere."

Santan anatenga ngodya yanga. Sindinakane. Ndinayenda pambali nditagwira pulasitiki kuti mphepo isaichotse. A Tolentino anadzuka ndi chitseko paphewa, magazi akutsika m'mwendo n'kutsukidwa ndi mvula. Madzi a mumsewu anali m'zikhadabo za mapazi, kenako m'akakolo. A Tolentino ankafufuza pansi ndi chidendene asanaponde, phazi limodzi, kenako linzake. Aurita ankangoti, "Mwala, bambo. Dzenje, bambo. Kumanzere." Anamumvera.

Tinafika. Tinagoneka chitseko pa mabenchi awiri m'chipinda changa chochezera. Ndinamuchotsa kansalu m'kamwa. Kanali ndi magazi a m'nkhama.

"Achimwene, m'nyumba mwanu mukununkha nsomba."

"Ukhoza kubwerera."

A Tolentino sanakhale pansi. Anatulutsa kanyundo nagogoda makoma anga onse anayi, pamwamba, pakati, pansi. Anga ndi a njereza, akuda ndi nkhungu, osaoneka bwino.

"Nanga?" ndinafunsa.

"Duro," anatero. "Ngati mwini wake. Koma mvula ino atha nayo."

Khoma silinagwe tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. A Tolentino ndi Santan anachirikiza mtengo wa denga ndi mizati ya kokonati n'kutulutsa katundu amene akanatha. Dokotala atabwera anapeza fupa litasuntha. Anatikalipira. Ena m'mudzi anayamba kunena kuti tavutitsa mayi pachabe, khoma likadali chilili.

Lamlungu, anthu tili ku Misa, linagwa. M'tchalitchi tinamva ngati lole yakhuthula miyala. Mitu yonse inatembenukira kwa a Tolentino. Iwo sanatuluke mpaka Misa inatha. Bedi lachitsulo tinalipeza litapindika pakati ngati chipewa chokhalidwa.

Fupa linagwira mokhota. Ermelinda akuyenda, koma ndi ndodo. Mwendo wina ndi waufupi, ndipo pachitsime sapitanso. Kaya akanachira bwino tikanamunyamula tsiku limene zenera linayamba kukana, modekha, ndi amuna okwanira ndi dokotala alipo, sindikudziwa. A Tolentino amaganiza choncho. Sananene, koma anthu akabwera ndi miyala kuti agogode amawabweza. Chingerezi sanachilankhulenso pa chinthu chilichonse.

Olavo anafuna kugulanso simenti. A Tolentino anamuuza kuti asavutike. Miyala yatsopano anakaisankha okha kumene imadulidwa, naisiya pabwalo chilimwe chonse kuti iume. Akumanga ndi njereza, ndi amisiri awiri amene anawaphunzitsa kale. Bondo lija silipindikanso bwino, choncho amakhala pa mpando n'kumagogoda mwala uliwonse usanakwere. Yambiri amaibweza. Amisiriwo amadandaula kwa ine.

Ermelinda anati adzabwerera tsiku limene adzamve liwu lija. Aurita amagona kwathu kumusamala. A Tolentino amabwera madzulo kudzadya n'kudzanyoza tsabola wa m'nsomba zanga.

"Bambo a Olavo, khoma lili bwanji?"

"Likukwera."

"Sindinafunse zimenezo."

"Njereza saithamangitsa."

Tsopano tili mu Epulo. Chitseko chinabwerera pamalo pake. Ermelinda wakhala pakhonde langa, akuluka masamba a kokonati, zala zang'ambikanso. Khoma lafika pa zenera. Liwu lija a Tolentino sananenebe.